Ya parking amalipira ndi mayi wa tomato

Amayi ndi abambo a m'misika, inu a pa Kapata ndi pa Saturday Market, a ku Soweto ndi ku City Market, a m'tuntemba ndi a salaula!

Ine kwathu ndi ku Zemba, m'boma la Chadiza. Ndadziwa kale kuti ena mwayamba kuseka: wa ku Zemba adziwa chiyani za parking? Zoona, kwathu motoka umaimika pansi pa mtengo wa mango olo tsiku lonse, ndipo wokufunsa palibe, mwina mbuzi chabe. Koma nshawa, soya ndi nyemba zimene timalima sitidya zonse tokha. Zimakwera Canter kupita m'tauni. Sopo, saladi, shuga, mchere ndi mabelo a salaula zimene timagulitsa kumudzi timakaoda ku Down Shops ku Chipata, ena mpaka ku Kamwala ku Lusaka. Motoka imene yanyamula katundu wathu iyenera kuima penapake, ndipo pamene yaima pali munthu wotambasula dzanja.

Lekani ndiyambe ndi zimene zinandichitikira. Tinasonkherana anthu anayi kuhaya Canter, tinapita kukaoda katundu m'tauni ina, dzina lake sinditchula. Dalaivala anapeza mpata pafupi ndi holoselo. Asanazime injini, mnyamata wovala ka bibu kowala wafika kale: “Bwana, ya parking.” Tinapereka. Lisiti? Ati buku latha, koma osadandaula, motoka aiyang'anira yekha. Tili mkati mokweza makatoni, kwatulukira ena awiri, awa ali ndi buku la malisiti komanso chitsulo chija chokiyira tayala. Atifunsa lisiti. Tiyang'ane mnyamata uja, wasowa ngati ndalama ya Januwale. Tinakangana, tinapepesa, tinalipira kachiwiri, ndi chilango pamwamba. Maola awiri anapita pamenepo. Dalaivala nayenso ati nthawi yake yatayika, tiwonjezere pa ya haya. Tinafika kunyumba usiku.

Manje funso ndi ili: ndalama zonse zija zinachoka m'thumba mwa ndani? M'mawa mwake tinakhala pansi ndi kabuku, tinazigawa pa katundu. Botolo la saladi linakwera pang'ono, sopo anakwera pang'ono. Amene analipira parking ya tsiku lija ndi agogo a ku Zemba amene sanakwerepo Canter chaka chonse.

Akuluakulu a m'makhonsolo amakonda kunena kuti amene ali ndi motoka ali ndi ndalama, K5 kapena K10 siingamuphe. Mwini motoka siimupha, ndivomera. Iye ali ndi mawilo anayi, akakwiya amangotembenuka n'kupita kwina. Amene sangatembenuke ndi inu, chifukwa tebulo lanu lili pamalo amodzi.

Ganizirani aphunzitsi kapena a nesi amene aweruka ku ntchito ndi ka Vitz kawo. Afuna tomato wa K20, repu, ndi kapenta pang'ono. Ntchito ya mphindi khumi. Akaima pafupi ndi msika, auzidwa kulipira ola lathunthu, ndipo mtima uli m'mwamba kuti mwina akabwera apeza tayala lakiyidwa. Tsiku loyamba alipira. Lachiwiri alipira akung'ung'udza. Lachitatu akumbuka kuti pa mall pali malo aakulu oimikapo, pali mlonda, ndipo pa ma mall ambiri munthu wosakhalitsa salipira kanthu. Tomato wa m'shopu yaikulu ndi wodula kuposa wanu, ndiponso sakoma ngati wa kudimba, tonse tidziwa. Koma akawonkhetsa tomato wanu ndi ya parking ndi mantha a chitsulo, shopu yaikulu yapambana. Kasitomala uyu sabwera kudzakutsanzikani. Mumangoona kuti bokosi limene linkatha masiku awiri tsopano lifika lachinayi, pansi pake tomato wayamba kuchucha.

Ku Lusaka izi zaoneka ndi maso. Manda Hill inatsegulidwa mu 1999, Levy Junction mu 2011, ndipo kuchokera apo ma mall angomera mbali zonse za mzinda. Anthu a mamotoka ambiri amene kale ankagula ku Cairo Road, ku Cha Cha Cha ndi ku Freedom Way manje amalowa m'tauni pokhapokha ngati palibe kuchitira mwina. Zifukwa zake ndi zambiri, pali kuthithikana kwa mamotoka, pali akuba a m'matumba, pali madzi odzaza m'misewu nthawi ya mvula. Koma munthu amene watopa kale ndi zonsezi, ukamuuza kuti alipirenso poima, wamupatsa chifukwa chomaliza.

Ndiye wamalonda achite chiyani kasitomala akasiya kufika pa tebulo? Amanyamula beseni n'kumutsatira ku msewu, pa mphambano, pamene mamotoka amaima okha. Kumeneko akumana ndi lamulo lina. Kolera itavuta ku Lusaka kumapeto kwa 2017 ndi kuchiyambi kwa 2018, boma linatulutsa Statutory Instrument nambala 12 ya 2018 yokhwimitsa zilango za kugulitsa m'misewu. Apolisi a khonsolo akafika, beseni lapita. Taonani bwino apa. Khonsolo imodzimodzi ndiyo imatenga levi ya pa tebulo tsiku ndi tsiku, ndiyo imaika mtengo umene uthamangitsa kasitomala pa khomo la msika, ndiyonso imalanda katundu wa mayi amene watsatira kasitomala wake kunja. Mayi mmodzi wamenyedwa katatu ndi dzanja limodzi.

A ku Lusaka mukumbukira za Parkrite. Chakumapeto kwa 2016 khonsolo ya Lusaka inapatsa kampani imeneyi ntchito yolipiritsa malo oimika mamotoka pakati pa tauni, pa mtengo wa K5 pa ola. Phokoso linali lalikulu, ndipo ambiri ankafunsa kuti mgwirizano umenewu unapangidwa liti, ndani anafunsidwa, ndipo khonsolo itengapo zingati. K5 imamveka yochepa mpaka utatenga pensulo. Mwini shopu amene amaika motoka yake panja maola 8 alipira K40 pa tsiku. Masiku 26 a ntchito pa mwezi, ndi K1,040. Kumbukirani kuti iyi inali kwacha ya 2016. Kodi mwini shopu uja ndalama imeneyo anaichotsa pa chakudya cha ana ake? Iyayi. Anaiika pa mtengo wa chitenje ndi wa mapoto amene inu mumakaoda kwa iye.

Pano ndisakunamizeni kuti mankhwala ake ndi kuchotsa ya parking yonse. Ena amalonjeza choncho pa misonkhano, anthu n'kuomba m'manja, koma wamalonda amene anakhalapo ndi shopu m'mbali mwa msewu adziwa vuto linalo. Kukakhala kwaulere, wa mu ofesi amafika 07:00, aimika motoka pakhomo penipeni pa shopu yanu, akaichotsa 17:00. Kasitomala azungulira kawiri, asowa mpata, apita. Canter ya katundu iima pakati pa msewu, ma hutala ali pepepe kumbuyo. Kumeneko nakonso ndi kuluza.

Ndipotu nkhani yolipiritsa inayambira pa vuto lomweli. Makina oyamba olipirira parking anaikidwa mu 1935 mumzinda wa Oklahoma City ku America. Anawapanga ndi Carl Magee, ndipo amene ankadandaula anali eni mashopu, chifukwa ogwira ntchito m'tauni ankatseka malo onse kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Mtengo unali masenti 5 pa ola. Cholinga chinali choti mamotoka azisinthana, uyu agule achoke, wina alowe.

Ngati cholinga ndi chimenecho, ndiye kuti ife tinaigwira chozondoka. Woyenera kumva kuwawa ndi amene wagoneka motoka tsiku lonse. Wogula tomato mphindi khumi ayenera kuima mwaulere, kapena kulipira kochepetsetsa. Wotsitsa matumba a nshawa mbandakucha ayenera kukhala ndi malo ake olembedwa bwino, opanda womuthamangitsa. Koma kwathu kuno wa mphindi khumi ndiye amalipira ola lathunthu, pamene wa tsiku lonse amamvana ndi mnyamata wa pa kona, amupatsa ya drinki, nkhani yatha. Ndipo ndifunseko: ndani wa inu anaonapo motoka ya bwana wamkulu itakiyidwa tayala?

Kunali mphunzitsi wina wa pa yunivesite ya UCLA, Donald Shoup, amene anathera moyo wake pa nkhani imeneyi. Mu 2005 anatulutsa buku lotchedwa The High Cost of Free Parking. Iye sanali mdani wa kulipiritsa ai. Ankati mtengo ukhale wotsika kwambiri umene ungasiye mpata umodzi kapena iwiri yopanda motoka pa chigawo chilichonse cha msewu, kuti wobwera apeze poima. Mipata ikakhala yambiri yopanda kanthu, mtengo wakwera kwambiri, utsitseni. Koma mfundo yake imene ine inandigwira mtima ndi iyi: ndalama yotoleredwa pa msewu ibwerere pa msewu womwewo.

Chitsanzo chake chinali Old Pasadena, chigawo chakale cha mashopu ku California chimene chinali chitayamba kufa. Eni mashopu ankakana makina olipirira, poopa zomwe ife tikuopazi, kuti makasitomala athawira ku ma mall. Khonsolo inawalonjeza kuti ndalama yonse idzagwira ntchito m'chigawo chawo, ndipo iwo adzakhala ndi mawu pa kagwiritsidwe kake. Makina anaikidwa mu 1993. Ndalama zopitirira 1 miliyoni ya madola pa chaka zinayamba kulipira magetsi a m'misewu, kusesa, kukonza tinjira ta oyenda pansi ndi chitetezo. Malo anakongola, anthu anabwerera, malonda anakwera. Eni mashopu omwe aja anasanduka oyamba kuteteza makinawo.

Manje bwererani nane pa msika wanu. Levi mumalipira tsiku lililonse, mvula kapena dzuwa. Chimbudzi mumalipira pachokha. Ngalande yatsekeka kuyambira chaka chatha, mulu wa zinyalala uli pafupi ndi a nsomba, usiku mdima uli bii, mlonda mumasonkherana nokha. Pa 4 Julayi 2017 City Market inapsa, amalonda ambirimbiri anataya zonse m'mawa umodzi. Munthu amene waona zimenezi ukamuuza kuti ya parking ndi ya chitukuko, akufunsa kuti chitukukocho chili kuti, ndipo funso lake ndi loona. Atati aone magetsi akuyaka pa msika, ngalande itakumbidwa, ndi chikwangwani cholembedwa kuti mwezi uno tatolera zakuti, tagula zakuti, amalonda ambiri sakanakana. Anthu amene amasunga chilimba chaka chonse osasowetsa ngwee adziwa kuwerenga ndalama. Aonetseni buku chabe.

Kuli chitsanzo china choopsa, ndipo ichi makhansala athu achimve bwino, chifukwa khonsolo ikakhala ndi njala imasaina chilichonse. Mu 2008 mzinda wa Chicago, pansi pa meya Richard M. Daley, unabwereketsa makina ake onse a parking, pafupifupi 36,000, kwa kampani ya anthu wamba kwa zaka 75. Unalandira ndalama zokwana pafupifupi 1.15 biliyoni ya madola nthawi imodzi. Chaka chotsatira mitengo m'madera ena inakwera kanayi. Ofesi yofufuza ya mzinda womwewo inapeza kuti anagulitsa motchipa ndi pafupifupi 1 biliyoni ya madola. Ndalama zimene analandira zambiri zinatha m'zaka zochepa kutseka maenje a bajeti, koma mgwirizano ukadalipo, ndipo mzinda ukatseka msewu wake womwe umayenera kulipira kampani ija pa ndalama zimene yataya. Ana amene anabadwa chaka chimenecho adzafika zaka 75 akulipirabe. Uku ndi kugulitsa chimanga chili m'munda kwa wa kaloba.

Makhonsolo athu njala ali nayo, sitikana. Mu 2009 a Rupiah Banda anachotsa levi ya mbewu, imene makhonsolo a kumidzi ngati wathu wa Chadiza ankadalira kwambiri, ndipo nkhani za ogwira ntchito m'khonsolo okhala miyezi osalandira malipiro tazimva kambiri. CDF inakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, koma imeneyo ili ndi ntchito zake. Ndiye khonsolo ikafuna ndalama ya msanga imayang'ana pamene pali posavuta: tebulo la mayi, ndi motoka yoima. Zipani zasinthana pa mipando, khalidwe limeneli silinasinthe.

Koma posavuta kutolera ndi pomwenso posavuta kudya. Ndalama ya m'manja yopanda lisiti siifika ku khonsolo. Malipoti a Auditor General a makhonsolo amabwereza nyimbo imodzi chaka ndi chaka, ya ndalama zotoleredwa zimene sizinafike ku banki ndi mabuku a malisiti osaoneka. Masiku ano ngakhale wogulitsa vitumbuwa amalandira pa Airtel Money kapena pa MoMo. Chovuta n'chiyani kuti ya parking izilowa molunjika mu akaunti ya khonsolo, uthenga wa pa foni n'kukhala lisiti lako? Amene akukana zimenezi tidziwa chimene akuteteza.

Anyamata a m'misewu aja sindikuti athamangitsidwe. Uja anandidyera ndalama ndinamukwiyira, koma ndikaganiza, ndi mwana wa munthu amene anamaliza sukulu n'kusowa ntchito. Misewu amaidziwa kuposa aliyense wa mu ofesi. Alembeni ntchito, apatseni yunifomu ya nambala yooneka patali ndi malipiro a pa mwezi, kuti wolipira adziwe amene walipira, ndipo mnyamatayo akhale ndi chotaya akaba.

Ena muti izi ndi za ku Lusaka, ife kuno sizitikhudza. Chipata inakhala mzinda mu 2017, mamotoka akuchuluka, ndipo aliyense amene anayesapo kuimika Canter ku Down Shops kumapeto kwa mwezi adziwa mmene pamathinira. Katete, Petauke, ngakhale Boma yathu ya Chadiza zikukula. Zimene Lusaka yachita lero, makhonsolo ang'ono amakopera mawa, ndi zolakwa zake zomwe. Komanso thumba la nshawa lochoka ku Zemba kupita ku Soweto limafika litalipira kale haya, mafuta, ndi ma toll gate a pa Great East Road monga a ku Nyimba ndi ku Chongwe. Ya parking ndi yotsitsira zimabwera pamwamba pa zonsezo. Wogula ku Soweto akakana mtengo, amene amatsitsidwa ndi mlimi.

Mphamvu yokonza izi siili kutali. Malamulo aakulu a dziko, monga anasinthidwira mu 2016, anaika misika, malonda a m'misewu ndi malo oimika mamotoka m'manja mwa makhonsolo. Kutanthauza kuti mtengo wa parking sugwa kuchokera kumwamba. Amauvomereza ndi makhansala amene inu munawavotera, amene ena mwa iwo amagula repu pa tebulo lanu pa ngongole. Lamulo la Markets and Bus Stations la 2007 limalola kuti misika iziyendetsedwa ndi mabodi okhala ndi oimira amalonda. Lamulo la Local Government la 2019 linakhazikitsa ma Ward Development Committee. Ndipo kuyambira Disembala 2023 tili ndi lamulo la Access to Information, lopatsa nzika ufulu wopempha zikalata za maofesi a boma. Mgwirizano wa khonsolo ndi kampani iliyonse yotolera ya parking ndi chikalata chotero. Apampando a misika, lembani kalata, muupemphe. Muone zaka zake, muone kuti pa K10 iliyonse khonsolo itenga zingati, ndiponso ndani ali ndi mphamvu yokweza mtengo.

Nthawi yake ndi miyezi yomaliza ya chaka, pamene makhonsolo amakonza bajeti ndi mitengo ya chaka chotsatira. Januwale akafika zasainidwa kale, kotsala ndi kulira. Mukapita, musapite ndi mawu akuti “chotsani zonse”, chifukwa adzakuyankhani kuti khonsolo ilibe ndalama, msonkhano n'kutha. Pitani ndi zinthu zogwirika. Mphindi 20 kapena 30 zoyamba pafupi ndi msika zikhale zaulere. Pakhale malo otsitsira ndi okwezera katundu, olembedwa ndi penti, aulere m'mawa. Woimika tsiku lonse alipire zambiri, kapena apatsidwe malo kunja kwa misewu ya mashopu. Mtengo ulembedwe pa chikwangwani, m'Chinyanja momwe, kuti dalaivala wochoka kumudzi asauzidwe mtengo poyang'ana nkhope yake. Ndipo gawo lodziwika la ndalamayo libwerere pa msika ndi msewu umene yatoleredwa, komiti ya amalonda ikuona. Khansala akayamba kuzungulira, mufunseni funso limodzi lokha: mwezi watha pa msewu uwu munatolera zingati? Akalephera kuyankha pamaso pa anthu, bwerezani funsolo mwezi wamawa.

Ife a ku Zemba tikupitanso kukaoda kumapeto kwa mwezi uno. Dalaivala wathu wanena kale kuti pakati pa tauni salowanso, adzaima kunja pafupi ndi filing'i siteshoni, katundu tidzamubweretsere pa wilibala. Wa wilibala amalipiritsa pa ulendo uliwonse, ndipo makatoni athu ndi maulendo asanu ndi limodzi. Mnzathu mmodzi wati iye sapita, adzangogula pa holoselo ya pafupi ndi pomwe tidzaimepo, olo ndi yodula. Mwenye amene takhala tikuoda kwa iye zaka zonsezi sadziwa kuti mwezi uno wataya kasitomala.